Mafunso ndi mayankho: zimene zingalowe mu mgwirizano wa pakampani ku Australia, ndi zimene lamulo limakana

Tsamba lino ndi la anthu amene akugwira ntchito ku Australia kapena akukonzekera kupitako, makamaka amene apatsidwa chikalata chokhuthala kuti akachivotere, ndiponso nthumwi za antchito zimene zimakambirana ndi mabwana. Tikunena za mgwirizano wa pakampani, umene kumeneko amautchula kuti enterprise agreement kapena EBA. Lamulo lake ndi Fair Work Act ya 2009, ndipo amene amauvomereza ndi Fair Work Commission, imene m'munsimu tizingoitchula kuti Komishoni.

Kodi mgwirizano wa pakampani ukusiyana bwanji ndi kontirakiti yanga?

Kontirakiti ndi ya inu nokha ndi abwana anu. Mgwirizano wa pakampani ndi wa gulu. Olemba ntchito amakambirana ndi antchito, kawirikawiri kudzera mu yuniyoni, kenako antchito amavota. Mavoti ovomereza akaposa theka la mavoti onse oponyedwa bwino, chikalatacho chimatumizidwa ku Komishoni pasanathe masiku 14. Chimayamba kugwira ntchito patatha masiku 7 chichivomerezereni, kapena tsiku lina la m'tsogolo limene chatchula. Lamulo sililola kupanga mgwirizano wotere ndi wantchito mmodzi yekha.

Pansi pa mgwirizanowu pali zinthu ziwiri. Pali National Employment Standards, mwachidule NES, amene ndi maufulu ochepetsetsa a wantchito aliyense. Palinso award, chikalata cha Komishoni chonena malipiro ndi maola a ntchito ya mtundu umodzi m'dziko lonse, monga ya unamwino, ya m'masitolo kapena ya m'nyumba zosamalira okalamba. Mgwirizano ukayamba kugwira ntchito, award imaima pambali kwa antchito amenewo. NES siichoka.

Amene anakhalapo mu yuniyoni ku Malawi aona kuti zikufanana ndi migwirizano ya pansi pa Labour Relations Act ya 1996. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Australia opanga mgwirizano ndi antchito eniake mwa voti yawo, ndipo ungapangidwe ngakhale pamalo pamene palibe yuniyoni.

Nanga lamulo limalola nkhani ziti?

Gawo 172 la Fair Work Act limatchula magulu anayi okha. Loyamba ndi nkhani zokhudza ubale wa wolemba ntchito ndi antchito ake amene ali mu mgwirizanowo. Lachiwiri ndi zokhudza ubale wa wolemba ntchito ndi yuniyoni imene ili mu mgwirizanowo. Lachitatu ndi ndalama zodulidwa ku malipiro pa cholinga chimene wantchito waloleza yekha. Lachinayi ndi kayendetsedwe ka mgwirizano weniweniwo: ukhudza ndani, uyamba liti, zokambirana za mgwirizano wotsatira zidzayamba liti.

Gulu loyamba ndi lotakata kwambiri. Muli malipiro ndi magiredi, maola a ntchito, ovataimu, ndalama zowonjezera za usiku, Loweruka ndi Lamlungu, maalawansi, tchuthi cha mitundu yonse, maphunziro, chitetezo cha pantchito, ndondomeko ya chilango, ndalama za ochotsedwa ntchito ikachepa, ndi njira yoti waganyu akhale wokhazikika. Pa zimenezi pamakhala kukokana pa manambala, koma palibe amene amakayika zoti n'zololedwa.

Timadziwa bwanji kuti nkhani ikukhudzadi ubale wa bwana ndi wantchito?

Makhoti amafuna kuti nkhaniyo ikhudze wolemba ntchito monga wolemba ntchito, ikhudzenso wantchito monga wantchito, ndipo iwakhudze mwachindunji. Munthu amene wakulembani ntchito alinso wamalonda, wogula katundu kwa ena, ndi nzika yokhala ndi maganizo ake pa ndale. Zimene amachita m'maudindo enawo sizilowa, ngakhale zitakhala kuti pamapeto pake zimafika m'thumba mwanu.

Malire amenewa anajambulidwa pang'onopang'ono ndi khoti lalikulu la dzikolo, High Court. Mu 1950, pa mlandu wa R v Kelly, linagamula kuti nthawi yotsegula ndi kutseka mabutchala ndi nkhani ya wogulitsa ndi makasitomala ake, osati ya bwana ndi wantchito. Mu 1986, pa mlandu wa Manufacturing Grocers, linati ndalama za penshoni zimene bwana amaika ndi mbali ya mphotho ya ntchito, motero n'zololedwa. Mu 1987, pa mlandu wa Cram wochokera ku migodi ya malasha ya ku New South Wales, linakana mfundo yakale yoti chiwerengero cha antchito ndi kalembedwe kawo ndi za abwana okha. Chigamulo chimenechi ndi chimene chimapatsa mphamvu anamwino akamafuna ndime yonena kuti namwino mmodzi aziyang'anira odwala angati. Ku Victoria nkhani imeneyi inakhala m'migwirizano ya anamwino kwa zaka zambiri isanaikidwe m'lamulo lakelake mu 2015.

Chikalata chimene boma linapereka ku nyumba ya malamulo pofotokoza bilu ya Fair Work mu 2008 chinatchula zitsanzo za zimene sizilowa: kukakamiza kampani kupereka ndalama ku chipani cha ndale kapena ku bungwe lachifundo, kuikakamiza kugula katundu kwa wogulitsa mmodzi kapena katundu wopangidwa ku Australia yekha, kuiuza makasitomala oti izichita nawo malonda, ndi kuilonjezetsa zochita pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Zina mwa izi zingalowe ngati zalumikizidwa bwino ndi chitetezo cha ntchito za anthu kapena thanzi lawo, koma kulumikizako kuzioneka m'mawu a ndimeyo.

Mlandu wa Electrolux umatchulidwa kawirikawiri. Unali wa chiyani?

Mayuniyoni a pa kampani ya Electrolux ankafuna ndime yoti antchito atsopano amene si mamembala azilipira fizi ya yuniyoni, yosachepera madola 500, popeza nawonso amadyerera zimene yuniyoni yawamenyera. Fiziyo inkayenera kudulidwa ndi kampani. Antchito anachita sitalaka pofuna zimenezi pamodzi ndi zofuna zina. Mu 2004 High Court inagamula, oweruza 6 kwa mmodzi, kuti fiziyo ndi nkhani ya pakati pa wantchito ndi yuniyoni, bwana akungokhala wotolera ndalama. Amene anatsutsa anali Justice Michael Kirby.

Chimene chinadzidzimutsa anthu ndi zotsatira zake. Malinga ndi lamulo la nthawi imeneyo, ndime imodzi yotereyi inali yokwanira kuti mgwirizano wonse usavomerezeke, ndipo sitalaka yoimenyera inalibe chitetezo. Nyumba ya malamulo inachita kupanga lamulo lapadera chaka chomwecho kuti ipulumutse migwirizano imene inali itavomerezedwa kale. Lamulo la 2009 linafewetsa chilango chimenechi, koma fizi yeniyeniyo linailetseratu.

Tingaletse kampani kubweretsa makontirakitala kapena antchito a ejenti, amene imabwereka ku kampani ina?

Kuletseratu ayi. Kuika malamulo a mmene angabwerere, inde. Onani ndime ziwiri izi:

"Kampani sidzagwiritsa ntchito makontirakitala kapena antchito a ejenti pa ntchito iliyonse ya mu mgwirizano uno."

"Kampani isanabweretse makontirakitala pa ntchito ya mu mgwirizano uno, idzakambirana ndi antchito ndi nthumwi zawo, ndipo anthu obwerawo sadzalandira zochepera zimene mgwirizano uno ukunena."

Yoyamba siloledwa, chifukwa ikulamula za malonda a pakati pa kampani ndi makampani ena. Yachiwiri imaloledwa, chifukwa cholinga chake n'kuchotsa phindu limene bwana angapeze pochotsa antchito ake n'kubweretsa otchipa. Khoti la Federal Court linavomereza ndime ya mtundu wachiwiriwu mu 2012 pa mlandu wa ADJ Contracting.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi kuunjika zofunika zambiri pa ndime yachiwiriyo mpaka isanduke yoyamba. Mukalemba kuti makontirakitala angabwere pokhapokha yuniyoni itavomera, mwaletsa ndithu, mwangosintha mawu. Dziwaninso kuti kuyambira pa 1 November 2024 pali njira ina: Komishoni ingalamule kuti antchito a ejenti azilipidwa zosachepera malipiro a mu mgwirizano wa kampani imene akugwirako, ngakhale mgwirizanowo utakhala chete pa nkhaniyi.

Ndime yosaloledwa ikalowa, mgwirizano wonse umagwa?

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa pali mitundu iwiri ya ndime zoipa, ndipo lamulo silizichitira chimodzimodzi.

Mtundu woyamba ndi ndime imene ili kunja kwa magulu anayi aja. Imeneyi siigwetsa mgwirizano. Komishoni siikakamizidwa ngakhale kuifufuza povomereza. Gawo 253 limangonena kuti ndime yotere ilibe mphamvu. Imakhalabe papepala, ili ndi nambala yake, anthu anaivotera, koma tsiku limene bwana adzaiphwanya n'kupita naye kukhoti, khoti lidzati palibe chimene waphwanya. Ili ngati dzira losukusa m'chisa: limaoneka ngati anzake mpaka tsiku loswa.

Mtundu wachiwiri ndi ndime zoletsedwa zimene gawo 194 limatchula mayina. Izi Komishoni iyenera kuzifufuza, ndipo singavomereze mgwirizano umene uli nazo. Kawirikawiri bwana amapatsidwa mpata wolemba lonjezo loti ndimeyo sidzagwiritsidwa ntchito, ndipo lonjezolo limakhala mbali ya mgwirizano. Koma lonjezo limaloledwa pokhapokha ngati silitayitsa ndalama wantchito aliyense ndiponso silisintha kwambiri zimene anthu anavotera.

Choncho chidindo cha Komishoni sichitanthauza kuti ndime iliyonse ndi yamoyo. Ife timaona kuti choopsa kwambiri kwa antchito ndi mtundu woyambawu, chifukwa pa zokambirana anthu amatha kusiya mapesenti enieni a malipiro posinthanitsa ndi lonjezo limene silingakakamizidwe. Ngati mukufunadi kuti kampani ilonjeze chinthu chimene chili kunja kwa gawo 172, njira yake ndi chikalata chapadera cha pakati pa kampani ndi yuniyoni, chimene chimayendera malamulo wamba a makontirakiti.

Tingachite sitalaka pofuna ndime iliyonse imene tikufuna?

Ayi. Sitalaka imakhala ndi chitetezo cha lamulo ngati zofuna zanu zili za nkhani zololedwa zokha, kapena ngati muli ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti n'zololedwa. Pa ndime zoletsedwa za gawo 194 palibe mpata umenewo: sitalaka yozimenyera ilibe chitetezo ngakhale mutakhulupirira motani.

Pamwamba pa izi, tsiku lothera la mgwirizano wakale likhale litadutsa, Komishoni ikhale italoleza voti ya sitalaka, antchito akhale atavomereza, ndipo bwana apatsidwe notisi yolemba ya masiku atatu ogwira ntchito. Sitalaka ikakhala yopanda chitetezo, Komishoni imalamula kuti ithe, bwana amakakamizidwa kudula malipiro a maola osachepera anayi ngakhale munaima kwa mphindi 30 zokha, ndipo yuniyoni ingasumiridwe pa ndalama zimene kampani yataya. N'chifukwa chake yuniyoni yodziwa ntchito imapeta mndandanda wa zofuna zake isanapemphe voti, n'kuchotsa kapena kulembanso chilichonse chokayikitsa.

Ndime zoletsedwa za gawo 194 ndi ziti?

Zikuluzikulu ndi izi:

Ndime yosala antchito.

Ndime yolola kapena yolamula kuphwanya maufulu otetezedwa a pantchito, monga ufulu wolowa kapena wosalowa yuniyoni, ndiponso ndime ya fizi yonga ya Electrolux.

Ndime yolola wantchito kapena bwana kusankha kutuluka mu mgwirizano. Imeneyi inawonjezedwa kuyambira mu 2013, pataoneka migwirizano imene inkapatsa anthu khomo lotulukira mmodzimmodzi.

Ndime yochotsa kapena yochepetsa ufulu wodandaula munthu akachotsedwa ntchito mopanda chilungamo.

Ndime yopereka ufulu womwewo nthawi yake isanakwane. Izi zimadabwitsa ambiri, chifukwa ndi ndime yokomera antchito, koma lamulo limati munthu ayambe wagwira miyezi 6, kapena miyezi 12 pa kampani ya antchito osakwana 15, ndipo mgwirizano sungafupikitse nthawiyi.

Ndime yosemphana ndi malamulo a sitalaka, monga yolonjeza malipiro a masiku a sitalaka.

Ndime yopatsa akuluakulu a yuniyoni njira yawoyawo yolowera pamalo a ntchito kudzafufuza zophwanya lamulo kapena kudzakambirana ndi antchito.

Ndime yomanga manja mabungwe ozimitsa moto ndi othandiza pa ngozi pa kagwiritsidwe ntchito ka anthu ongodzipereka. Imeneyi inabwera mu 2016 chifukwa cha mkangano wa ku Country Fire Authority, bungwe lozimitsa moto la ku Victoria.

Ngati tsankho n'loletsedwa, bwanji achinyamata amalipidwa zochepa?

Gawo 195 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, msinkhu, ulumali, banja, pakati, kuyamwitsa, chipembedzo, maganizo a ndale, dziko lochokera ndi zina, kuphatikizapo kukhala wochitiridwa nkhanza za m'banja, chimene chinawonjezedwa mu 2023. Koma gawo lomwelo limanena mosabisa kuti malipiro apadera a achinyamata osakwana zaka 21, a ophunzira ntchito ndi a anthu aulumali satengedwa ngati tsankho. Limalolanso kusiyanitsa kumene ntchito yeniyeniyo imafuna.

Kuyambira mu December 2022 mgwirizano ungakhalenso ndi ndime yokweza gulu limene linatsalira, monga yothandiza amayi kulowa ntchito imene muli amuna okhaokha. Ndime yotere imakhala yololedwa mpaka cholinga chake chitakwaniritsidwa.

Kwa obwera kuchokera kunja: mgwirizano sungaike giredi yotsika ya anthu a dziko lakutilakuti. Ndipo kukhala pa viza sikukuchotsani mu mgwirizano umene ukukhudza ntchito yanu.

Yuniyoni ingalembetse chiyani chokomera iyo yomwe?

Zambiri ndithu: tchuthi cholipidwa cha maphunziro a nthumwi, misonkhano ya mamembala m'nthawi ya ntchito, bolodi lomatapo zidziwitso, mpata wolankhula ndi antchito atsopano pa tsiku lowalandira, ndi malo a yuniyoni pothetsa mikangano. Kudula ndalama za umembala ku malipiro n'kololedwanso wantchito akaloleza. Kale High Court inakana zimenezi kawiri, mu 1972 pa mlandu wa Portus ndi mu 1994 pa mlandu wa Alcan, ndipo n'chifukwa chake lamulo la 2009 linaika zodula ku malipiro m'gulu lakelake.

Malire ali pa kulowa pakampani. Wa yuniyoni wobwera kudzakambirana ndi antchito ayenera kukhala ndi chiphaso cha Komishoni, apereke notisi ya maola osachepera 24 koma osapitirira masiku 14, ndipo akambirane nawo pa nthawi yopuma. Mgwirizano sungachotse zimenezi. Ungalole kuti alowe pa zifukwa zina, monga kudzaimira membala pa ndondomeko yothetsa mkangano. Ndime yoti mamembala a yuniyoni ndiwo aziyamba kukwezedwa, kapena yoti aliyense alowe yuniyoni, ndi yoletsedwa.

Abwana angaike ndime yodula malipiro anga pa katundu wosweka, yunifolomu kapena ndalama za viza?

Angailembe, koma gawo 326 limaipha ngati kudulako kukupindulira bwana ndiponso kuli kosayenera malinga ndi mmene zinthu zilili. Zimene malamulo amaziona kuti n'zoyenera ndi monga kubweza ndalama zimene mwagwiritsa ntchito pa zanu ndi khadi la kampani, foni ya kampani kapena galimoto ya kampani. Kudula wogulitsa m'sitolo chifukwa ndalama za mu tilu zapelewera, kapena woperekera zakudya chifukwa kasitomala wathawa osalipira, ndi kumene kumagwa kawirikawiri. Kwa wosakwana zaka 18, kudula kulikonse kumafuna kalata ya kholo kapena womulera.

Za viza n'zoopsa kwambiri kwa bwana, chifukwa malamulo a zolowa ndi kutuluka m'dziko amaletsa amene wakuitanitsani kukubwezetsani ndalama zimene iye anayenera kulipira kuti akhale wokuitanitsani. Ogwira ntchito m'nyumba za okalamba asasokoneze mgwirizano wa pakampani ndi Aged Care Industry Labour Agreement imene inayamba mu 2023. Imeneyo ndi ya pakati pa kampani ndi boma pa nkhani ya maviza. Malipiro ndi maola anu ali mu award kapena mu mgwirizano wa pakampani.

Pali ndime zimene ziyenera kukhalamo zivute zitani?

Zilipo. Mukhale tsiku lothera, losapitirira zaka zinayi kuchokera tsiku limene Komishoni yavomereza. Pano anthu amalakwitsa powerengera kuchokera tsiku loyamba kugwira ntchito, n'kupitirira ndi masiku ochepa.

Mukhale ndondomeko yothetsa mikangano ya pa mgwirizano ndi pa NES, yolola Komishoni kapena munthu wina woima payekha kulowererapo, ndiponso yolola wantchito kukhala ndi womuimira. Werengani ndime iyi mosamala. Lamulo silikakamiza kuti mkhalapakatiyo akhale ndi mphamvu yogamula. Komishoni inanena zimenezi mu 2010 pa mlandu wa Woolworths. Ngati ndimeyo ikungonena za kuyanjanitsa, bwana akakana kumva, nkhaniyo imathera pomwepo kapena mumapita kukhoti. Mphamvu yogamula muyenera kuimenyera pa zokambirana.

Mukhale ndime yolola wantchito mmodzi ndi bwana kugwirizana zosintha zina, monga nthawi yoyamba ndi yoweruka. Zosinthazo zilembedwe, zisainidwe, zimusiye wantchitoyo ali bwino kuposa kale, ndipo zithe kuthetsedwa ndi notisi yosapitirira masiku 28.

Mukhale ndime yokakamiza bwana kufunsa antchito pa kusintha kwakukulu, ndi pa kusintha rosita kapena maola a nthawi zonse. Kufunsa si kupempha chilolezo: bwana ayenera kupereka zidziwitso ndi kumvetsera moona, koma chigamulo chimakhalabe chake.

Kuyambira pa 1 July 2024 mukhalenso ndime ya maufulu a nthumwi za yuniyoni pamalo a ntchito, yosachepera imene ili mu award.

Ndime ya zosintha ndi ya kufunsa antchito zikasowa kapena zikalembedwa molakwika, lamulo limalowetsamo zitsanzo zake zokonzeratu. Ya mikangano siilowa yokha; bwana ayenera kulemba lonjezo.

Tingagulitse tchuthi kapena maufulu ena a NES kuti malipiro akwere?

Gawo 55 limaletsa mgwirizano kuchotsa NES kapena mbali yake iliyonse. Ungawonjezere. Maziko a NES ndi maola 38 pa sabata kuphatikiza owonjezera oyenera, masabata 4 a tchuthi cha pachaka kapena 5 kwa ogwira mashifiti, masiku 10 a matenda kapena odwazika, masiku 2 a maliro, masiku 10 olipidwa kwa ochitiridwa nkhanza za m'banja, miyezi 12 yosalipidwa ya uchembere ndi ufulu wopempha ina 12, notisi ya sabata imodzi mpaka masabata 4 ndi sabata ina kwa woposa zaka 45 amene wagwira zaka ziwiri, ndi ndalama za masabata 4 mpaka 16 ntchito ikatha chifukwa chochepetsa anthu.

Pali timipata tochepa. Mgwirizano ungalole kusintha tchuthi cha pachaka kukhala ndalama, koma mutsale ndi masabata 4, nthawi iliyonse pakhale kalata yakeyake, ndipo mulandire ndalama zonse zimene mukanalandira mutapita kutchuthi. Pa masiku a matenda mutsale ndi 15. Ungalolenso kusinthitsa tsiku la holide ndi tsiku lina, ndi kuwerengera maola pa masabata angapo.

Zimene zimakanidwa mobwerezabwereza: kuphatikiza ndalama za tchuthi mu malipiro a pa ola kuti munthu azipita kutchuthi osalandira kanthu, zimene Komishoni inakana mu 2014 pa mlandu wa Canavan Building, ndime yoti wojomba masiku atatu wadzichotsa yekha ndipo alibe notisi, ndi ndime yolamula anthu kugwira pa holide. NES imati bwana apemphe, ndipo wantchito angakane pa chifukwa chomveka. Olemba ambiri amaika ndime yoti pamene mgwirizano ukupereka zochepera NES, NES ndiyo itsatidwe. Imathandiza kuti mgwirizano uvomerezedwe, koma imasiya mawu olakwikawo papepala, ndipo woyang'anira shifiti amawerenga mawuwo, osati lamulo.

Ndiye ndalama za Loweruka ndi Lamlungu tingazisinthanitse ndi malipiro okwera a pa ola?

Inde, chifukwa zimenezo zili mu award, osati mu NES. Koma mgwirizano uyenera kupambana mayeso otchedwa better off overall test, mwachidule BOOT: wantchito aliyense akhale bwino, zonse zikaphatikizidwa, kuposa mmene akanakhalira pa award.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Award ikupereka madola 30 pa ola, Loweruka 37.50, Lamlungu 45. Mgwirizano ukupereka madola 33 tsiku lililonse. Wogwira maola 38 Lolemba mpaka Lachisanu akanalandira 1,140. Tsopano alandira 1,254. Wapindula 114. Mnzake wa maola 8 Loweruka ndi 8 Lamlungu akanalandira 300 kuphatikiza 360, zonse 660. Tsopano alandira 528. Wataya 132 sabata iliyonse. Mgwirizano umenewu ulephera, ngakhale opindula atakhala ambiri ndipo anavota mwaunyinji.

Zoterezi ndi zimene zinagwetsa mgwirizano wa masitolo a Coles mu 2016, umene unkakhudza antchito oposa 70,000. Kampani inanena za zabwino zina zosakhala ndalama, koma Komishoni inapeza kuti sizinali zokwanira kubweza zimene ogwira usiku ndi kumathero a sabata ankataya. Kuyambira pa 6 June 2023 Komishoni imayang'ana marosita amene angayembekezereke moona osati ongoganizira, ingakonze yokha ndime yolephera, ndipo mgwirizano ungabwezedwe kuti uunikidwenso kagwiridwe ka ntchito kakasintha.

Malipiro a mu mgwirizano wakale akatsalira kumbuyo kwa award zimatha bwanji?

Gawo 206 limati malipiro oyambira a pa ola sangatsike kuposa a mu award, kapena malipiro ochepetsetsa a dziko lonse kwa amene alibe award. Pa 1 July 2025 amenewa anafika madola 24.95 pa ola. Award ikakwera n'kupitirira mgwirizano, bwana ayenera kulipira za award. Chitetezo chimenechi ndi cha malipiro oyambira okha. Maalawansi ndi ndalama za kumathero a sabata zimakhalabe mmene mgwirizano unanenera.

Nanga penshoni?

Mgwirizano ungakweze ndalama zimene bwana amaika kupitirira 12 peresenti imene lamulo likufuna kuyambira pa 1 July 2025. Ungatchule thumba loikamo ndalama za amene sanasankhe, bola likhale lovomerezeka, monga lokhala ndi MySuper, akaunti wamba ya penshoni yovomerezedwa ndi boma. Migwirizano yopangidwa kuyambira pa 1 January 2021 singamulande wantchito ufulu wosankha thumba lake.

Mgwirizano wathu umati "malinga ndi ndondomeko za kampani". Zimenezi n'zololedwa?

N'zololedwa. Gawo 257 limalola kulowetsa chikalata china, kaya mmene chilili tsiku lakutilakuti kapena mmene chizisinthira. Kusiyana kwa mawu awiriwa n'kwakukulu. Mukavomera "mmene chizisinthira" pa ndondomeko imene bwana amalemba yekha, mwamupatsa mphamvu yosintha mbali ya mgwirizano popanda voti. Mbali inayo, ndondomeko ikalowetsedwa mu mgwirizano, bwana akaiphwanya waphwanya lamulo, n'chifukwa chake makampani ambiri amalemba kuti ndondomeko zawo si mbali ya mgwirizano. Funsani kuti mupatsidwe chikalata chilichonse chotchulidwa musanavote. Malangizo a Komishoni amati antchito akhale ndi masiku 7 athunthu owerenga.

Dziwaninso kuti ndime ya mu mgwirizano yokuletsani kuuza anzanu malipiro anu ilibe mphamvu kuyambira pa 7 December 2022.

Kodi mgwirizano umaposa malamulo a ku Queensland, Victoria ndi zigawo zina?

Pa nkhani zambiri za ntchito umaposa, koma osati pa chitetezo ndi thanzi la pantchito, chipukuta misozi cha ovulala, ntchito za ana, ndi malamulo a zigawo oletsa tsankho. Onetsetsaninso kuti muli pansi pa Fair Work Act. Ogwira ntchito m'boma la zigawo zambiri ali ndi malamulo awoawo, ndipo ku Western Australia olembedwa ndi munthu payekha kapena ndi anthu ochita bizinesi mogwirizana osalembetsa kampani ali pansi pa malamulo a chigawocho.

Tsiku lothera likadutsa, ndime zathu zimatha? Nanga bwana akaziphwanya tipite kuti?

Sizitha. Mgwirizano umapitirira mpaka utalowedwa m'malo ndi wina kapena Komishoni itauthetsa. Chimene chimasintha n'chakuti sitalaka yotetezedwa imakhala yotheka, ndipo ngati munalemba zokweza malipiro za zaka zitatu zokha, chaka chachinayi simukwezedwa.

Kuphwanya ndime yamoyo ndi mlandu pansi pa gawo 50. Yambani ndi ndondomeko ya mikangano ya mu mgwirizano wanu, motsatira masitepe ake, chifukwa Komishoni imabweza anthu amene adumpha sitepe yoyamba yokambirana pamalo a ntchito. Pa ndalama zopelewera mungapite kwa Fair Work Ombudsman, ofesi ya boma yoonetsetsa kuti malamulo a ntchito akutsatidwa, kapena kukhoti, ndipo muli ndi zaka 6 kuchokera tsiku limene analakwitsa. Sungani mapepala a malipiro ndi zithunzi za rosita ya sabata iliyonse. Mgwirizano wanu, pamodzi ndi malonjezo onse amene bwana analemba kuti uvomerezedwe, uli pa webusaiti ya Komishoni, ndipo mungaupeze polemba dzina la kampani monga lilili pa pepala lanu la malipiro.